Kusanja mayunivesite potengera mphamvu ya kafukufuku wa zamalonda ndi utsogoleri: tiyambire pati?

Mlangizi_Katoto walemba:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kabungwe kena kakang'ono kuno ku Mzuzu kamalipirira achinyamata maphunziro a Masters pa zamalonda ndi utsogoleri, ndipo kapempha kuti pakonzedwe mndandanda wa mayunivesite pafupifupi 12, a kuno kwathu ndi a maiko oyandikana nafe, osanjidwa potengera mphamvu ya kafukufuku wawo pa gawo limeneli lokha. Sakufuna zomva kuti "kumeneko n'kotchuka", akufuna manambala oti munthu wina akhoza kuwabwereza n'kupeza zomwezo.

Vuto ndi lakuti mindandanda ya pa intaneti ikusemphana. Pa wina yunivesite ili pamwamba, pa wina ili pakati, pa wina kulibeko n'komwe. Ndiye mafunso anga ndi awa. Manambala odalirika tiwatenge kuti, poti Scopus, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a kafukufuku, ndi yolipira? Tiyeze chiyani kwenikweni, kuchuluka kwa mapepala osindikizidwa, ma citation (kangati pepala latchulidwa m'mapepala ena), kapena h-index? Ndipo kodi n'chilungamo kuika Mzuni, yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 1999, pa sikelo imodzi ndi University of Cape Town yomwe mbiri yake inayamba mu 1829?

WaLaibulale_Luwinga wayankha:

Zikomo bambo. Mindandandayo ikusemphana chifukwa siyeza chinthu chimodzi, komanso simatunga pa chitsime chimodzi. QS ndi Times Higher Education amatenga manambala a kafukufuku ku Scopus ya kampani ya Elsevier. Mndandanda wa Shanghai umadalira Web of Science ya Clarivate. AD Scientific Index imayang'ana masamba a anthu pa Google Scholar. Palinso malire olowera: mndandanda waukulu wa Times Higher Education umafuna mapepala 1,000 pa zaka zisanu, wa Leiden umafuna 800 pa zaka zinayi. Yunivesite yaing'ono ikasowa pamenepo sizitanthauza kuti sichita kafukufuku, yangolephera kufika pa malirewo. Choncho mndandanda wanuwo muyenera kuukonza nokha, ndipo ntchito yaikulu ili pa kusonkhanitsa ndi kuyeretsa mapepala, osati pa masamu.

Yambani ndi kulemba malamulo musanaone nambala iliyonse, kuti mtima usakukokereni ku sukulu yomwe mumaikonda. Zaka zikhale zisanu zathunthu, mwachitsanzo 2019 mpaka 2023, ndipo zaka ziwiri zaposachedwa muzisiye. Pa zamalonda ma citation amabwera mochedwa, chifukwa pepala lokutchulanilo nalonso limadikira chaka kapena kuposerapo lisanatuluke. Mtundu wa zolemba nawonso ugamulidwe poyamba: ma article ndi ma review muwerenge, zolemba za mkonzi, makalata ndi zokonza zolakwika muzichotse. Mitu ya m'mabuku ndi mapepala a m'misonkhano muziike padera.

Za Scopus, pitani kaye ku laibulale ya yunivesite yomwe muli nayo pafupi mukafunse zomwe amapeza kudzera ku Research4Life, pulogalamu yothandiza maiko osauka kupeza zolemba za kafukufuku, ndi ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'dziko muno. Mukapeza mwayi wolowa, pa Advanced Search lembani chonchi:

AFFILCOUNTRY(Malawi) AND SUBJAREA(BUSI) AND PUBYEAR > 2018 AND PUBYEAR < 2024

BUSI ndi gulu la Business, Management and Accounting, nambala yake 1400. Zachuma zili m'gulu lina, ECON, nambala 2000, ndiye mugamule ngati zilowe kapena ayi, ndipo chigamulocho chigwire ntchito pa sukulu zonse mofanana. Zokopa alendo zili mkati mwa BUSI pa nambala 1409, zomwe n'zofunika kwa Mzuni chifukwa maphunziro a utsogoleri kumeneko ali pamodzi ndi a zokopa alendo ndi mahotela. Mukalephera kupeza Scopus, gwiritsani ntchito OpenAlex, yomwe inayamba mu 2022 ndipo ndi yaulere. Ili ndi zambiri kuposa Scopus, koma zinyalala ndi zambirinso, ndiye kuyeretsa kumatenga nthawi yaitali.

Pali malo atatu pomwe anthu amagwera kawirikawiri.

Poyamba ndi pa maina a sukulu. Olemba ena amalemba Mzuzu University, ena Mzuni, ena amangoika dzina la dipatimenti ndi Private Bag 201, ndipo kompyuta imatha kuziona ngati malo osiyana. Koma chachikulu ndi cha 2021, pamene University of Malawi inagawidwa. Mapepala a The Polytechnic a 2019 ndi 2020 analembedwa pansi pa University of Malawi, pomwe aphunzitsi omwewo lero ali ku MUBAS. Mukangosaka MUBAS mupeza theka la ntchito yawo, theka linalo lipita kwa UNIMA ya ku Zomba. Muyenera kutsegula gawo la adiresi pepala ndi pepala, paliponse pomwe palembedwa Polytechnic, mulisamutsire ku MUBAS.

Pachiwiri, Scopus imapereka gulu kwa journal yonse, osati kwa pepala. Kafukufuku wa kayendetsedwe ka makopaletivi a khofi akatuluka mu journal ya zaulimi, mu BUSI simumupeza. Wa kayendetsedwe ka zipatala akatuluka mu Malawi Medical Journal, wapita ku zaumoyo. Kuno kwathu zimenezi si zazing'ono, chifukwa kafukufuku wambiri wa utsogoleri amakhudza ulimi, madzi ndi umoyo. Njira yake ndi kusakanso kachiwiri ndi maina a aphunzitsi a dipatimenti iliyonse, makamaka nambala zawo za ORCID (nambala yozindikiritsa wofufuza aliyense), kenako anthu awiri awerenge mitu aliyense payekha n'kugwirizana zoti zilowe.

Pachitatu ndi kubwereza. Tsitsani zonse mu CSV tsiku limodzi, lembani detilo, chifukwa ma citation amasintha sabata ndi sabata. Mu Excel sandutsani ma DOI onse (manambala ozindikiritsa pepala lililonse) akhale a zilembo zazing'ono musanachotse obwerezabwereza, apo ayi pepala limodzi liwerengedwa kawiri.

Mphunzitsi_wa_Masamu wayankha:

Mayi a ku laibulale afotokoza bwino za kusonkhanitsa. Ine ndilowe pa funso la choyeza.

h-index musaigwiritse ntchito posanja masukulu. Jorge Hirsch anaiyambitsa mu 2005 poyezera munthu mmodzi. Mumandandalika mapepala kuyambira lotchulidwa kwambiri, n'kuona pomwe nambala ya malo ikukumana ndi ya ma citation. Tiyerekeze mapepala 8 atchulidwa ka 40, 22, 9, 6, 5, 3, 1 ndi 0. Lachisanu lili ndi 5, lachisanu ndi chimodzi lili ndi 3 yokha, ndiye h ndi 5. Nambala imeneyi singapose kuchuluka kwa mapepala, ndipo simatsika. Sukulu ya aphunzitsi 120 idzapambana ya aphunzitsi 15 kawirikawiri ngakhale ntchito ya 15 aja itakhala yakuthwa. Pamenepo mwayeza kukula ndi ukalamba.

Avereji ya ma citation nayo imapusitsa pamene mapepala ali ochepa. Tiyerekeze sukulu A ili ndi mapepala 20: limodzi latchulidwa ka 600 chifukwa mphunzitsi wina anali m'gulu la olemba 90 a maiko ambiri, ena 19 otsalawo onse pamodzi ali ndi 40. Avereji ndi 640 kugawa ndi 20, yomwe ndi 32. Sukulu B ili ndi mapepala 20 ndipo lililonse latchulidwa pafupifupi ka 10, avereji 10. Pa avereji A yapambana katatu, koma wophunzira wofuna womuyang'anira kafukufuku apindula ku B. N'chifukwa chake pambali pa avereji muziika median, nambala ya pepala lomwe lili pakatikati pa mzere. Ku A ikhala pafupifupi 2, ku B 10.

Zoyezera zomwe ndingakulangizeni ndi zinayi, ndipo musazisakanize kukhala nambala imodzi.

Choyamba, mapepala ogawidwa pa olemba. Pepala la olemba anayi, mmodzi yekha wa ku sukulu yomwe mukuyeza, sukuluyo ilandire 0.25. Akakhala awiri mwa anayi, 0.5. Kenako gawani chiwerengerocho ndi aphunzitsi olembedwa ntchito yokhazikika mu dipatimentiyo, osawerengera ongobwera kudzaphunzitsa kumapeto a sabata. Apa ndi pomwe funso lanu la chilungamo likuyankhidwa: zaka zisanu zofanana ndi kugawa pa mutu wa mphunzitsi zimachotsa phindu lalikulu la ukale ndi kukula. Sizichotsa kusiyana kwa ndalama za kafukufuku kapena kuchuluka kwa makalasi omwe munthu amaphunzitsa, ndiye zimenezo muzilembe m'mawu pansi pa tebulo.

Chachiwiri, FWCI, yomwe imayerekeza ma citation a pepala ndi a mapepala ena a gawo lomwelo, mtundu womwewo, chaka chomwecho. 1.00 ndi avereji ya dziko lonse, 1.30 ndi kuposa ndi 30 peresenti, 0.60 ndi kuperewera ndi 40 peresenti. Imawerengera chaka chosindikizira ndi zaka zitatu zotsatira. Ndi yofunika chifukwa ngakhale mkati mwa zamalonda zizolowezi zimasiyana, a akaunting satchulana mowirikiza ngati a marketing. Tengani median ya FWCI, pa chifukwa chomwe ndatchula kale.

Chachitatu, gawo la mapepala omwe ali mu 10 peresenti yotchulidwa kwambiri pa gawo ndi chaka chawo, njira yomwe a CWTS, okonza mndandanda wa Leiden, amagwiritsa ntchito. Ubwino wake ndi wakuti pepala la 600 lija limawerengedwa kamodzi basi. Koma samalani: pa mapepala 20, limodzi lokha limasuntha zotsatira ndi mapointi 5.

Chachinayi, gawo la mapepala omwe wolemba woyamba kapena wolumikizana ndi journal ndi wa pa sukuluyo. Ichi chimaonetsa ngati aphunzitsi akutsogolera kafukufuku kapena akungothandiza kutolera mayankho kumudzi pa ntchito yotsogoleredwa kunja. Kwa wophunzira wa Masters kusiyana kumeneku n'kwakukulu ndithu.

Pa zonsezi chotsani kudzitchula wekha. Mu Scopus, pa Citation Overview, pali bokosi lake. Ndipo potulutsa zotsatira musalembe nambala 1 mpaka 12. Ikani magulu atatu, ndipo sukulu iliyonse yomwe ili ndi mapepala osafika 30 pa zaka zisanuzo muilembe kuti manambala ake ndi ochepa kuti aweruzidwe, m'malo moikankhira kumunsi. Kusiyana kwa nambala 6 ndi 7 pa mapepala ochepa chotere kumatha kutembenuka ndi pepala limodzi.

Mlangizi_Katoto walemba:

Ndathokoza kwambiri nonse awiri. Ena m'komiti akuti tingotenga FT50 kapena Webometrics, zatha, poti zinakonzedwa kale. Zimenezi sizingatifupikitsire ntchito? Nanga impact factor ya journal bwanji, siingalowe m'malo mwa kuwerenga ma citation a pepala lililonse?

Dokotala_wa_Zamalonda wayankha:

Ayi bambo, ziwiri zonsezo sizingayankhe funso lanu, koma pa zifukwa zosiyana.

FT50 ndi ma journal 50 omwe nyuzipepala ya Financial Times imawerengera posanja masukulu a MBA. Palinso wa University of Texas at Dallas womwe umayang'ana ma journal 24 okha. Mumenemo muli monga Academy of Management Journal, Journal of Finance, Journal of Marketing ndi Management Science. Ndi ma journal apamwamba zedi, amakana mapepala ochuluka kwambiri mwa omwe amalandira, ndipo olembamo ambiri ali ku America ndi ku Ulaya. Mukayezera masukulu 12 a kuno ndi muyezo umenewu, ambiri apeza ziro kapena pafupi ndi ziro, ndipo muyezo womwe ukupereka ziro kwa pafupifupi aliyense sukusiyanitsa chilichonse.

Chomwe chingakuthandizeni ndi mindandanda yotambalala. Academic Journal Guide ya Chartered Association of Business Schools ya ku Britain imaika ma journal pa 1, 2, 3, 4 ndi 4*. Wa ABDC wa ku Australia umaika pa C, B, A ndi A*. Onse awiri ndi aulere kuona, ndipo ali ndi ma journal oposa 1,000 aliyense. Onjezerani kolamu mu tebulo lanu, pepala lililonse mulembe mlingo wa journal yake, muwerenge angati ali pa 2 kupita m'mwamba. Gwiritsani ntchito mndandanda wa chaka chimodzi pa onse, chifukwa milingo imasintha, ya Academic Journal Guide inatuluka mu 2018, 2021 ndi 2024. Dziwaninso kuti ma journal okamba za Africa, monga Africa Journal of Management ndi African Journal of Economic and Management Studies, sakhala pamwamba pa mindandanda imeneyi ngakhale nkhani zake zili zogwira mtima wa malonda athu. Ine sindingavomere kuti pepala lofotokoza bwino mmene mabanki a m'khonde amatayira ndalama likhale lopanda mtengo chifukwa cha komwe latulukira.

Webometrics, ya gulu la Cybermetrics Lab ku Spain, imayeza yunivesite yonse ndipo gawo lalikulu la mapointi limachokera pa kuonekera kwa webusaiti. Singakuuzeni kanthu za dipatimenti ya zamalonda. Yunivesite yokhala ndi sukulu ya udokotala imakwera chifukwa cha zaumoyo.

Impact factor ndi ya journal, osati ya pepala. Amatenga ma citation a chaka chino opita ku zomwe journal inasindikiza zaka ziwiri zapitazo, n'kugawa ndi kuchuluka kwa zolembazo. Mapepala ochepa otchuka ndi omwe amakoka nambalayo, ambiri mu journal yomweyo amakhala pansi pake. Chikalata cha DORA cha 2012 ndi Leiden Manifesto ya 2015 zonse zimachenjeza za kuweruza ntchito ya munthu ndi nambala ya journal.

Chomwe muyenera kuthera nthawi ndi ma journal achinyengo, osindikiza chilichonse bola walipira madola. Pa zamalonda ndi ambiri. Zizindikiro zake: kuvomera pepala m'masiku ochepa, imelo yokunyengererani kuti mutumize, "impact factor" yochokera ku kampani yosadziwika, ndi journal imodzi yosindikiza zaulimi, zamalamulo ndi zamakompyuta nthawi imodzi. Ena amaba dzina ndi ISSN (nambala yozindikiritsa journal) za journal yeniyeni n'kutsegula webusaiti yofanana nayo. Ndiye fufuzani ISSN pa mndandanda wa Scopus, womwe umatsitsidwa ulere ndipo uli ndi tsamba la ma journal ochotsedwa, muonenso pa DOAJ, mndandanda wa ma journal owerengedwa ulere. Mukadalira Google Scholar yokha kudzera mu pulogalamu ya Publish or Perish, zonsezi zimalowa, ndipo sukulu yomwe aphunzitsi ake amathamangira kotereko kuti akwezedwe msanga ndi yomwe idzaoneke yolimbikira kwambiri.

Akauntanti_Mchengautuwa wayankha:

Aphunzitsi nonse mwanena zoona, koma ndili ndi dandaulo pa mutu weniweniwo. Zonse mwatchulazi zikuyeza mmene ofufuza amawerengerana okhaokha. Kabungwe kolipira sukulu fizi kakufuna achinyamata odzabwera kudzayendetsa SACCO, kopaletivi ya khofi, fakitale ya matabwa ku Chikangawa kapena ofesi ya zachuma ku khonsolo. Kafukufuku wa zamalonda ali ndi mphamvu akasintha mmene bizinesi kapena ofesi ikuchitira zinthu.

Taonani zomwe zili pamaso pathu. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Wamalonda wa mumsika wa Taifa amene amaoda katundu ku Tanzania anayenera kusintha mitengo katundu wakale akadali pa shelefu, ndipo ambiri amawerengera phindu pa mtengo womwe anagulira m'malo mwa mtengo wokaodanso. Buku limaonetsa phindu, koma akapita kukaoda ndalama ikugula makatoni ochepa kuposa omwe agulitsa. Mphunzitsi amene angafufuze zimenezi, n'kulemba tsamba limodzi m'Chitumbuka ndi m'Chichewa losonyeza kawerengedwe koyenera, wagwira ntchito yaikulu, koma mu Scopus simudzaoneka kanthu.

Izi zimayezeka, ndipo ena amaziyeza kale. Ku Britain, pa kauniuni wa REF wa 2021, 25 peresenti ya mapointi inali ya zomwe kafukufuku wasintha kunja kwa yunivesite, ndipo sukulu zinkapereka nkhani zolembedwa zokhala ndi umboni. Nawo a AACSB, omwe amavomereza masukulu a zamalonda, anaika za phindu kwa anthu mu miyezo yawo ya 2020.

Inu chitani chaching'ono chofanana nacho. Lemberani dipatimenti iliyonse kuti itumize nkhani zitatu, iliyonse tsamba limodzi: kafukufuku wake ndi uti ndipo anasindikizidwa kuti, anamugwiritsa ntchito ndani, chinasintha n'chiyani, liti, ndipo umboni wake ndi chikalata chiti. Umboni ukhale chinthu chogwirika, monga lipoti la boma lomwe latchula kafukufukuyo, maminitsi a bodi, buku la malamulo a kampani lomwe lasinthidwa, kapena silabasi ya sukulu ina. Chithunzi cha msonkhano ku hotela si umboni wa kusintha, chimangoonetsa kuti anthu anakumana. Anthu atatu apereke mapointi kuyambira 0 mpaka 3 aliyense payekha, ndipo mmodzi mwa atatuwo akhale wochita bizinesi. Amene anaphunzira kapena kugwira ntchito pa sukulu ina asaweruze sukuluyo.

Musaiwalenso kuona ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'Malawi, kapena bungwe lofanana nalo m'dziko lomwe sukuluyo ili. Imeneyo ndi sefa yoyamba, manambala a kafukufuku abwere pambuyo.

WaLaibulale_Luwinga wayankha:

Ndikugwirizana nanu bambo akauntanti, bola gawo limenelo likhale kolamu yakeyake, lisaphatikizidwe ndi ma citation. Kabungweko kaone zonse ziwiri n'kusankha kokha chomwe kakuchilemekeza.

Ndiwonjezere ziwiri kwa bambo Mlangizi. Kuti kafukufuku wa m'ma journal a kuno asatayike, sakaninso pa AJOL, pomwe pali ma journal a mu Africa ambiri omwe sali mu Scopus, ndipo muwaike pa mzere wawo monga "osindikizidwa kunja kwa Scopus, owunikidwa ndi akatswiri". Ndipo musanatulutse chilichonse, tumizani kwa mkulu wa dipatimenti iliyonse mndandanda wa mapepala omwe mwawapezera, muwapatse masabata awiri oti anene zomwe zasowa kapena zomwe si zawo. Chilichonse chomwe awonjezere chibwere ndi DOI kapena kope ya tsamba loyamba pomwe pakuoneka dzina la sukulu, ndipo chidutse m'malamulo omwe munalemba poyamba aja. Omwe sanayankhe muwalembe kuti sanayankhe, manambala awo akhale momwe munawapezera pa deti lotsitsira.